Makamera a m'thumba ayambanso kuyenda malonda: chenjerani ndi manambala a pabokosi

Azakhali anga amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe, ndipo chaka chatha adatsala pang'ono kutseka benchi chifukwa cha chithunzi chimodzi chokha.

Nkhani yake idayenda chonchi. Mayi wina, Mmalawi mnzathu amene amakhala ku Johannesburg, amafuna zitenje 14 zofanana za yunifomu ya pachinkhoswe cha mng'ono wake. Azakhali adajambula chitenje ndi foni yawo momwemo m'shedi n'kutumiza pa WhatsApp. Pachithunzipo chitenje chija chidaoneka chofiira moderako ngati chiwindi cha mbuzi. Mayi uja adachikonda, ndalama idabwera, katundu adakwera basi. Koma pomasula mtolo ku Joni kuja adapeza zitenje zofiira psuu ngati tomato wakupsa.

Foni idalira usiku wonse. Mawu amene adatuluka kumeneko sindingawalembe patsamba lino poti ana nawonso amawerenga nyuzi. Mapeto ake azakhali adabweza theka la ndalama, ndipo kasitomala amene adamusunga zaka zitatu adapita osatsanzika.

M'mawa mwake adandiitanitsa.

"Iwe mwana wa achimwene, poti umalemba m'nyuzi, zamakamerazi uyenera kuti umazidziwa. Tenga ndalama iyi ukandigulire kamera yeniyeni, foniyi yandichititsa manyazi."

"Musadandaule azakhali, zimenezo n'zazing'ono," ndidayankha mwamatama, chonsecho chimene ndimadziwa pa kamera n'kudina batani basi.

Ndidalowa m'tauni n'kukapeza kanthu konyezimira bwino, kakadali m'bokosi. Pabokosipo adalemba zikuluzikulu: 48 megapixel, 4K, 16X zoom. Dzina la kampani yake ndidali ndisadalimvepo, ndipo poinyamula imapepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu, koma ine mtima udali pa 48 uja. Titakajambula nayo m'shedi, abale inu, maluwa a pachitenje adasanduka phala. Foni yonyozedwa ija imaiposa kutalitali. Pobwerera kwa wogulitsa, mkulu uja adandiyang'ana ngati sadandionepo chibadwire. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ine ndidadya ndi njuchi zomwe.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza za makamera ang'onoang'ono olowa m'thumbawa. Ndikulemba izi chifukwa m'misika mwathu malonda ambiri tsopano akuyendera zithunzi. Wa nsapato, wa madiresi a ukwati, wa makeke, wa mipando, aliyense akuika katundu pa WhatsApp ndi Facebook. Ena mwa inu mumapita ku Johannesburg kapena ku Kariakoo ku Dar es Salaam kokaoda, ndipo mumakumana nawo makamerawa m'mashopu. Musadzalire ngati ine.

Adapita kuti, abwera bwanji?

Makolo athu amakumbukira nthawi ya filimu, pamene wojambula amayendayenda m'makwalala kamera ili pakhosi. Umalipira theka, n'kudikira sabata ziwiri kuti akatsukitse, mwina n'kudzangouzidwa kuti pepani chithunzi chanu chidapsa. Kamera yosafuna filimu adaiyambitsa ndi injiniya wa kampani ya Kodak, Steven Sasson, m'chaka cha 1975. Idali yolemera makilogalamu 3.6, ndipo imatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti yonga ya nyimbo ija. Mu 1995 kampani ya Casio idatulutsa QV-10, kamera ya m'manja yokhala ndi sikirini kumbuyo, yoti wajambula pomwepo waona pomwepo.

Malonda adafika pachimake mu 2010. Bungwe la makampani opanga makamera ku Japan, la CIPA, lidawerenga makamera pafupifupi 121 miliyoni otumizidwa m'misika chaka chimenecho, ambiri mwa iwo a m'thumba omwewa. Kenako foni idalanda msika. Pofika 2023 chiwerengero chija chidatsika mpaka kuchepera 8 miliyoni. Casio yemwe uja adasiya kupanga makamera a m'thumba mu 2018, ndipo makampani enawo adachepetsa kwambiri mitundu yawo.

Ndiye zidangochitika kuti achinyamata a kunja, makamaka pa TikTok, ayambanso kuwasakasaka makamera aja. Inu amalonda mukudziwa chimene chimachitika katundu akachepa ogula n'kuchuluka. Canon G7 X Mark III, imene idatuluka mu 2019, idafika posowa m'mashopu mu 2024, moti ena amagulitsa yogwiritsidwa kale ntchito pamtengo woposa wa yatsopano. Kuno kwathu onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, muona chifukwa chake kamera yabwino ili pamtengo woboola m'thumba.

Pampata umenewo ndi pamene padalowera tizinthu tonyezimira tonga kamene ndidagula ine. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dengu ndi limodzi, milu ndiyo yachuluka

Apa ndiye mukhale pansi bwinobwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

M'kati mwa kamera iliyonse, kuseri kwa galasi, muli kachipangizo kotchedwa sensa. Ndi kamene kadalowa m'malo mwa filimu. Ntchito yake n'kulandira kuwala kumene kwadutsa pagalasi n'kukusandutsa chithunzi. Sensa ikakhala yaikulu imalandira kuwala kochuluka, monga momwe beseni limakhalira ndi madzi ambiri kuposa kapu mukaziika zonse pamvula nthawi imodzi. Kuwala kukachuluka chithunzi chimatuluka choyera bwino, mitundu yake yoona, chopanda timadontho tonga mchenga tija timaoneka mukajambula madzulo.

Nanga ma megapixel? Amenewo ndi chiwerengero cha timagawo ting'onoting'ono timene sensa ija yagawidwa. Megapixel imodzi ndi timagawo 1 miliyoni. Tsono amayi a tomato andithandize apa. Mwaoda dengu limodzi. Mutha kuika milu 12, muthanso kuika milu 48. Kodi tomato wachuluka chifukwa milu yafika 48? Ayi ndithu, milu ndiyo yachepa thupi. N'chimodzimodzi sensa. Funso loyamba si lakuti milu ndi ingati, koma dengulo n'lalikulu bwanji.

Makamera otchipa ambiri, ngakhale a makampani odziwika, ali ndi sensa imene pamapepala amailemba kuti 1/2.3 inch. Kukula kwake ndi mamilimita pafupifupi 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi, yochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Pamwamba pake pamabwera imene amaitcha 1 inch. Dzinalo lisakupusitseni, siyikwana inchi, n'dzina chabe lochokera ku makamera akalekale a wailesi yakanema. Kukula kwake kwenikweni ndi mamilimita 13.2 ndi 8.8, komabe pamenepo yaposa yoyamba ija kanayi. Kenako pali APS-C, ya mamilimita pafupifupi 23.5 ndi 15.6, imene imaposa ya 1 inch katatu. Yaikulu kuposa zonsezi ndi ya mamilimita 36 ndi 24, yofanana ndi filimu ija amajambulira makolo athu.

Kwa munthu wofuna kamera yolowa m'thumba koma yotulutsa zithunzi zoti foni wamba isafikepo, poyambira ndi pa 1 inch. Kutsika pamenepo, kunena zoona, mukungogula foni yosaimba.

Ma megapixel amene mukufunika ndi ochepa kuposa momwe ogulitsa amanenera. Chithunzi chotsukitsa cha masentimita 10 ndi 15, chija timaika mu alubamu, chimakwanira ndi ma megapixel awiri okha. Chodzaza pepala lonse la A4 chimafuna pafupifupi 9. Ndiye kamera ya 12 kapena 20 yakwana ndi kutsala. Tizinthu topanda dzina tija timalemba 48 pabokosi, m'kati muli kasensa kochepetsetsa, ndipo kamakina kake kamangofufumitsa chithunzi chaching'ono kuti nambala ikwere. Ndi zija zothira madzi m'thobwa kuti mabotolo achuluke. Mabotolo achulukadi, koma talawani.

Werengani pamphuno pa galasi

Chachiwiri ndi galasi la kutsogolo. Sensa yabwino kuseri kwa galasi loipa ili ngati munthu wa maso akuthwa amene akusuzumira pazenera lakuda ndi utsi.

Mukayang'ana m'mphepete mwa galasilo mupeza timanambala tolembedwa mozungulira, monga 1.8-2.8 kapena 3.3-6.9. Manambala amenewa akunena kukula kwa khomo lolowera kuwala, ndipo amayenda chobwerera: nambala ikachepa ndiye kuti khomo lakula. Galasi la f/1.8 limalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kanayi kuposa la f/3.5. Nambala yoyamba ndi ya pamene simudakoke chithunzi, yachiwiri ndi ya pamene mwakokera pafupi mpaka pamapeto. Kwa inu amene mumagulitsira m'shedi za malata momwe dzuwa salidziwa, nambala imeneyi ndi yofunika kuposa china chilichonse cholembedwa pabokosi.

Pa nkhani ya zoom paliponso msampha. Ilipo ya mitundu iwiri. Yoona, imene amalemba kuti optical, ndi ija magalasi amayenda m'kati, mphuno ya kamera n'kumatuluka. Inayo, ya digital, kamera imangodula kachigawo ka chithunzi n'kukakulitsa, zimene mungathe kuchita nokha ndi zala pafoni. Kanga kaja 16X yake idali ya mtundu wachiwiriwu, mphuno yake simasuntha n'komwe.

Ngakhale zoom yoonayo ili ndi mtengo wake. Kuti kamera yolowa m'thumba ikoke kutali kwambiri, opanga amachepetsa sensa n'kuchepetsanso khomo la kuwala. Chitsanzo ndi Canon SX740 HS ya mu 2018. Imakoka ka 40, koma sensa yake ndi yaing'ono ija ndipo galasi lake ndi f/3.3-6.9. Ndi kamera yabwino ngati mukufuna kujambula goloboyi muli kumasitandi masana dzuwa likuswa mtengo, kapena mvuu ku Liwonde. Koma kujambula nsapato imene ili pabenchi panu pomwepo, zoom ya 40 mukachita nayo chiyani? Sunthani phazi basi.

Onaninso ngati kamerayo ili ndi kachipangizo koletsa kugwedera kwa dzanja. Makamera abwino ambiri ali nako, ndipo kamathandiza kwambiri pamalo a mdima.

Mayina oti muwasunge

Kamera imene idatsegula njira pa nkhani ya 1 inch ndi Sony RX100 ya mu 2012. Ili ndi ma megapixel 20, galasi la Zeiss loyambira pa f/1.8, thupi lachitsulo, ndipo imalowa m'thumba la malaya. Idatuluka m'mibadwo yambiri mpaka RX100 VII ya mu 2019, koma musaganize kuti yatsopano ndiyo yokuyenerani nthawi zonse. Wachitatu, wachinayi ndi wachisanu ali ndi galasi la f/1.8-2.8, lowala bwino ngakhale mutakoka. Wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri amakoka kutali koma galasi lawo limayambira pa f/2.8, ndipo mtengo wawo ndi wokwera zedi. Mukandifunsa ine, kwa wamalonda wa m'shedi RX100 III ya mu 2014 ndiye pabwino. Woyamba uja zithunzi zake n'zabwinobe mpaka lero, koma alibe Wi-Fi, choncho mudzafunika kachipangizo kolowetsa memore khadi kufoni. Wi-Fi idayambira pa wachiwiri, wa mu 2013.

Mpikisano wake ndi Canon G7 X, imene idayamba mu 2014, Mark II n'kubwera mu 2016. Sensa ndi ya 1 inch yomweyo, galasi f/1.8-2.8, ndipo ambiri amaikonda chifukwa cha momwe imatulutsira khungu la munthu komanso kuphweka kwa mabatani ake. Vuto ndi lomwe ndanena lija, kutchuka kwaikweza mtengo. Mukaipeza pamtengo wabwino tengani, koma kulipira kawiri chifukwa choti atsikana a ku London akuikonda, iyayi.

Palinso Panasonic Lumix LX100 ya mu 2014, ya sensa yokulirapo kuposa 1 inch ndi galasi la f/1.7-2.8 la dzina la Leica. Ma megapixel ake ndi 12 okha pachithunzi, koma ikani chithunzi chake pambali pa cha kanga ka 48 kaja, mudzaseka mpaka misozi. Iyoyo m'thumba la malaya siyilowa, imafuna la jekete.

Pamwamba pa amenewa pali a APS-C. Ricoh GR III ya mu 2019 ndi yaing'ono modabwitsa ndipo zithunzi zake n'zakuthwa, koma ilibe zoom, ilibenso fulashi, ndipo eni ake ambiri amadandaula kuti fumbi limalowa n'kukakhala pasensa. Ganizirani fumbi la mu Okutobala pamsika wa Tsoka ku Lilongwe. Fujifilm X100VI idatuluka mu 2024 pamtengo wa madola 1,599 a ku America, anthu n'kumalembetsa mayina kudikira miyezi. Leica Q3 ya mu 2023 idayambira pa madola 5,995. Amenewo ndangowatchula kuti mukawamva musadabwe. Ndalama imeneyo ena mutha kugula nayo poloti.

Anzathu a usipa ndi chambo amene mumakhalira kunyanja, ilipo ina yosaopa madzi, Olympus Tough TG-6 ya mu 2019 ndi mng'ono wake TG-7 ya mu 2023, imene imamira mpaka mamita 15. Koma dziwani kuti sensa yake ndi yaing'ono ija. Mukugula kulimba, osati kukongola kwa chithunzi.

Ya kaunjika ndiye yathu, koma iyeseni

Tisanamizane, ambiri a ife yatsopano sitingaikwanitse. Yathu ndi yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo, kaunjika tidamuzolowera. Kusiyana kwake n'kwakuti malaya obooka mumasoka, koma kamera ya m'thumba ikafa galasi, kukonzetsa kwake nthawi zambiri kumafuna ndalama yoyandikira mtengo wa ina.

Choncho popita kokagula tengani memore khadi lanu, ndipo musachite manyazi kutaya mphindi makumi awiri pamenepo. Wogulitsa akayamba kukufulumizitsani, dziwani kuti pali chimene akubisa. Inu nomwe mumadziwa momwe timagulitsira mbatata yofukutidwa.

Yambani n'kuyatsa ndi kuzimitsa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, khutu lili pafupi. Mphuno ya galasi ituluke ndi kubwerera mosakakamira. Mukamva kukhwekhwereza ngati muli mchenga, kapena ikaima panjira n'kulemba uthenga pasikirini, ibwezeni pomwepo. Matenda amenewa ndi amene amapha makamera a m'thumba ochuluka, ndipo amayamba kamera ikagwa mphuno ili kunja kapena fumbi likalowa.

Kenako walitsani tochi ya foni m'galasimo mopendeketsa. Mukaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu, imamera kamera ikasungidwa pachinyezi, ndipo siyipukutika chifukwa ili m'kati. Timikwingwirima tating'ono pathupi musadere nato nkhawa, mwinanso tikuthandizani ponenerera. Koma yang'anani timisomali ta m'mbali. Tikakhala tokalikakalika ndiye kuti wina adaitsegulapo kale.

Fumbi la pasensa silioneka ndi maso. Njira yake ndi iyi: ikani kamera pa chilembo A kapena Av, kwezani nambala ya f ifike 8 kapena 11, jambulani khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo. Jambulani kawiri katatu mukusuntha pang'ono. Mukaona kadontho kakuda kamene kakukhala pamalo amodzimodzi pazithunzi zonse, ndi fumbi limenelo. Poti galasi la makamerawa silichoka, simungapukute nokha.

Tsegulani kachitseko ka batire. Batire lotupa limavuta kutuluka, limenelo latha ntchito ndipo n'loopsa. M'kati musakhale dzimbiri kapena zoyera zonga mchere. Funsani dzina la batire n'kuona ngati limapezeka. La RX100 ndi NP-BX1, la G7 X ndi NB-13L. Makamera ang'onoang'onowa amajambula zithunzi za pakati pa 200 ndi 350 batire lisadathe, ndiye ndi mmene magetsi amachitira kwathu kuno, batire lachiwiri si zamanyado ayi. Ubwino wa RX100 ndi wakuti imatchajidwa ndi chingwe cha USB, moti ngakhale pa sola kapena power bank zimatheka. Ogula ku South Africa kumbukirani kuti pulagi ya kumeneko ndi ya mano ozungulira, siyilowa pasoketi zathu.

China chimene ambiri sachidziwa: makamera ena opangidwira msika wa ku Japan, makamaka a Sony, amalemba Chijapani chokhachokha ndipo mulibe posinthira kupita ku Chingerezi. Amakhala otchipirapo pa chifukwa chomwecho. Lowani m'menyu muone nokha musadapereke ndalama.

Musakhutire ndi kasikirini ka kamera, pamenepo chilichonse chimaoneka chokongola. Tumizani chithunzi kufoni kapena pakompyuta, chikulitseni, muone ngati ulusi wa nsalu ukuoneka, m'makona momwe.

Pomaliza funsani komwe kamerayo idachokera. Munthu wogulitsa kamera ya mtengo wapatali pamtengo wa bulauzi, alibe chaja, alibe bokosi, sadziwa ndi poyatsira pomwe, ameneyo akuikani m'mavuto. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo apolisi akabwera sadzamva zoti ndidangogula. Lemberanani kapepala, palembedwe nambala ya kamera imene ili kunsi kwake, asayine.

Memore khadi nalonso gulani posamala. Afeki ndi ambiri, amalemba 128GB koma m'kati muli malo ochepa, ndipo akadzaza amayamba kudya zithunzi zakale mwakachetechete. La 32GB lenileni limakukwanirani.

Mwina simukufunika kamera n'komwe

Izi ogulitsa makamera sangakuuzeni, koma ine ndilibe chogulitsa. Mafoni a masiku ano, makamaka okwera mtengo, amajambula bwino zedi masana, ndipo ena monga Xiaomi 12S Ultra ya mu 2022 adayamba kuikidwa sensa ya 1 inch yomweyo. Ngati katundu wanu ndi wa panja, kabichi, mapoto, matumba a makala, ndipo zithunzi zimathera pa WhatsApp, sungani ndalama yanu muwonjezere mpamba.

Kamera imayamba kubweza ndalama yake pamene mtundu wa katundu ndiwo malonda, monga nsalu, madiresi, mawigi ndi zodzoladzola, kapena pamene mumajambulira mumdima, kapena mukufuna kutsukitsa zithunzi zazikulu zopachika pashopu. Enanso amapha mbalame ziwiri, mkati mwa sabata kujambula katundu, Loweruka kukagwira ganyu pa bridal shower.

Ndipo ngakhale mutagula kamera ya mamiliyoni, vuto lidagwera azakhali lija litha kukugweraninso. Nditafufuza ndidapeza kuti wolakwa wamkulu sadali foni. Shedi yawo idafoleredwa mbali ina ndi pepala la pulasitiki labuluu, ndipo kuwala kodutsa pamenepo kumagwera pansalu. Chofiira chikawalidwa ndi kuwala kwabuluu chimadera. Maso athu amazolowera n'kumaona chofiira chomwecho, koma makina amangoyerekeza, ndipo tsiku limenelo adayerekeza molakwa.

Makamera ndatchulawa ali ndi mankhwala ake, amatchedwa white balance. Mumalowa pamenepo, n'kusankha poti muike nokha, n'kuloza kamera papepala loyera limene mwaliika pomwe pali katunduyo. Mukadina, mwaiuza kuti choyera ndi ichi, ndipo mitundu ina yonse imabwerera m'malo mwake. Kuwala kukasintha mumachitanso. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Zina n'zaulere, zigwira pafoni ndi pakamera pomwe. Tulutsani nsalu panja, pamthunzi osati padzuwa, m'mawa cha m'ma 8 koloko. Fulashi izimitseni, imayeretsa nsalu ngati yasuluka. Pukutani galasi ndi kansalu kofewa, poti zala zathu zimakhala ndi mafuta a mandasi. Ndipo dziwani kuti WhatsApp imafinya chithunzi potumiza. Kuyambira 2023 muli kabatani ka HD, koma kasitomala akafuna kuona ulusi weniweni, tumizani chithunzicho ngati document, chimafika momwe chilili.

Kusunga kwake, nthawi ya dzinja ikani kamera m'kabokosi kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, timayamwa chinyezi. Anzanu a nsapato amangotitaya, kapempheni. Chingwe cha padzanja chizikhala padzanja nthawi zonse, chifukwa cha simenti komanso chifukwa cha anyamata a zala zazitali amene mukuwadziwa.

Azakhali kamera adaipeza. Adagwirizana ndi amayi ena awiri a mzere wawo, wa madiresi ndi wa makatani, n'kuponya chipereganyu miyezi inayi. Mwana wa mmodzi mwa amayiwo ndiye adabwera nayo kuchokera ku Joni, RX100 yoyamba ija, yokalika pakona koma galasi lili mbee. Ulendo uno ndidaiyesa ndekha mphindi makumi atatu anthu akundiseka. Amasinthana masiku, imagona kwa azakhali, ndipo pepala loyera lija adalimata kuseri kwa kabuku ka ngongole kuti lisasowe.

M'kabuku komweko muli dzina langa. Ndalama ya kamera ya 48 megapixel ija akundidula pang'onopang'ono nkhani iliyonse ikatuluka m'nyuzi, ndipo ya nkhani inoyi adaiwerengera kale. Kamerayo akuseweretsa ndi mdzukulu wawo, amajambula nayo nkhuku.